Taís Araújo sakalamba kodi?

Abale dzulo ndachita manyazi, ndapita pa baraka kuno ku Ulongwe kukagula sopo basi, pa TV pakuoneka novela (filimu ya m'magawo ija) ndangoona nkhope ya Taís Araújo wa mafilimu wa ku Brazil uja ndaima pompo sopo ali m'manja mpaka mwini baraka akuti mayi khalani pansi mwina mutopa kkkk.

Mayi ameneyu ine ndimamupatsa ulemu. Anabadwa 1978 ku Rio de Janeiro, mu 1996 ali ndi zaka 17 zokha anamupatsa udindo waukulu mu Xica da Silva, kamtsikana ndithu. 2004 anabwera ndi Da Cor do Pecado, kutsogolera novela ya Globo, TV ya ku Brazil. Imeneyo ife tinaonera pa madisiki kwa aneba, TV ya batire ya galimoto, ana pamphasa akulu pamabenchi, batire ikatha pakati pa nkhani aliyense kunyumba akudandaula. Agogo anga Chipwitikizi samachimva koma amangoti "mwana uyu ngati wa kwa Domwe", ndipo amakalipira apongozi ake a mu filimu ngati akuwamva.

Sikuti zonse zinamuyendera bwino ayi, 2009 mu Viver a Vida anthu anamunyoza kwambiri, 2015 ena anamutukwana pa Facebook chifukwa cha khungu, iye anakadandaula ku polisi osangokhala chete.

Amuna ake ndi Lázaro Ramos, nayenso wa mafilimu. Koma zoti ndine wamng'ono kwa iye ndi zaka 6 koma ndikuoneka ngati azakhali ake, imeneyo yandipweteka. Munda wa mbatatesi uwu wandimaliza.