Mmene ndinakonzera kompyuta yogwirira ntchito kunyumba

Kompyuta yanga ndi ya pa desiki, yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndinaigula ku Limbe kuti ndizitayipira anthu makalata ndi ma CV kwathu ku Chilomoni. Ndisanalipire ndinapempha kuti aiyatse, ndinatsegula Settings, kenako System, n'kupita pa About. Apa ndi pomwe mumaona kukula kwa RAM (memori yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayendetsa mapulogalamu) ndi mtundu wa Windows. Musadumphe zimenezi. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komwe makina ambiri akale alibe. Yanga inali ndi 8GB ndi Windows 11.

Nditafika kunyumba ndinayamba ndi magetsi. Chingwe chinabwera ndi pulagi ya mano awiri, pomwe masoketi athu ndi a mabowo atatu, choncho ndinagula choyenera m'malo mokakamiza. Kenako UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi. Ambiri amati ndi kuwononga ndalama, koma ine ndimakana. Kompyuta ya pa desiki ilibe batire. Magetsi akathima imazima nthawi yomweyo, ndipo zomwe simunasunge zapita. Akabwera mwamphamvu amatha kuotcha zam'kati. UPS imakupatsani mphindi zochepa zoti mukanikize Ctrl ndi S kusunga ntchito yanu n'kuzimitsa bwinobwino. Ndinalumikizapo kompyuta ndi sikirini zokha, printa ayi, chifukwa ya laser imakoka mphamvu zambiri.

Tebulo ndinaliika kutali ndi zenera kuthawa fumbi la m'chilimwe, bokosi la kompyuta pamwamba osati pansi, ndipo kumbuyo ndinasiya mpata woti mpweya uzidutsa. Sikirini ndinaikweza mpaka m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso.

Intaneti ndimatenga pa hotspot ya foni. Itangolumikizika ndinalowa mu Properties ya Wi-Fi n'kuyatsa Metered connection, yomwe imauza Windows kuti isamale bandulo, apo ayi Windows imadya bandulo yonse ikudzikonza yokha. Ma update ndimawapanga tsiku lomwe ndagula bandulo yaikulu, chifukwa kuwasiyiratu n'koopsa.

Microsoft Office yobera yomwe anthu amapatsana pa fulashi ndinaikana, imatha kubwera ndi mavairasi. M'malo mwake ndinaika LibreOffice, pulogalamu yolembera yaulere komanso yololedwa. Imatsegula ndi kusunga .docx, komanso imasandutsa CV kukhala PDF kuti isasokonekere pa makina a wina. Fulashi iliyonse ya kasitomala ndimayamba ndaiunika ndi Windows Security, yomwe imakhalamo kale. Chilembo cha ŵ sichili pa kiyibodi, koma mu LibreOffice mukalemba U+0175 n'kukanikiza Alt ndi X chimatuluka.

Pomaliza ndinapanga mafoda mu Documents, ya ma CV payokha, ya makalata payokha, ndipo fayilo iliyonse imakhala ndi dzina la mwini wake ndi deti. Loweruka lililonse ndimakopera zonse pa fulashi ina yomwe siituluka m'nyumba.