Bajeti ya wothamanga ilembedwe m'makilo, osati m'makwacha

Amene akukonzekera mpikisano wa makilomita 42, kapena wa Porters' Race wokwera phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula, amadya kwambiri ndithu, ndipo thumba limamva. Ambiri amalakwitsa poyambira pa ndalama: "mwezi uno chakudya ndi zakuti." Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, nambala yotere imatha ntchito mwezi usanathe. Chimene sichisintha ndi kuchuluka kwa chakudya chimene thupi likufuna. Lembani makilo poyamba, mitengo muzikaimva kumsika.

Titenge munthu wolemera makilo 60 amene amathamanga ola limodzi kapena awiri pa tsiku. Ameneyu amafunika magalamu pafupifupi 7 a sitachi ndi shuga pa kilo iliyonse ya thupi lake, kutanthauza magalamu 420 pa tsiku. Mu ufa wa chimanga, magawo atatu mwa anayi ndi sitachi. Choncho ufa wa magalamu 400, wophika phala m'mawa ndi nsima kawiri, umapereka magalamu 300. Otsalawo achokere ku nthochi ziwiri, mbatata imodzi yaikulu ndi shuga wa mu tiyi. Pa mwezi ndi makilo 12 a ufa, ndiye kuti thumba la chimanga la makilo 50 logayitsa mgaiwa likhoza kufika miyezi inayi. Izi n'zoona ngati mukudya nokha. Pakhomo pa anthu asanu, gawo la wothamanga liwerengedwe padera, apo ayi mkangano wa mitanda suchedwa.

Mgaiwa ndi umene umapulumutsa ndalama. Mukakonola chimanga, gawo lalikulu limapita ku madeya pamodzi ndi mafuta ndi mavitamini ake, kenako mumalipiranso chigayo kachiwiri. Chimangacho gulani pakati pa May ndi July pamene anthu angokolola, osati mu February mtengo uli kumwamba. Koma kugula kochuluka kuli ndi msampha wake: chimanga chosauma bwino chimachita chuku, ndipo chosathira mankhwala kapena chosasungidwa m'matumba osalowa mpweya a PICS anankafumbwe amachisandutsa fumbi.

Pa ndiwo ndi pamene ndalama zimathawira. Wothamanga wathuyu amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 90 pa tsiku, ndipo anthu akamva zimenezi amaganiza za nkhuku ndi nyama ya ng'ombe. Sizofunika tsiku ndi tsiku. Ufa uja wapereka kale magalamu oposa 30. Nyemba zouma zolemera magalamu 100 zimawonjezera 21, mazira awiri 12, usipa wouma wodzaza dzanja pafupifupi 18, nsinjiro zotendera masamba zina 7. Zakwana. Pa mwezi zimenezi ndi nyemba makilo 3, usipa kilo imodzi, mtedza kilo imodzi ndi mathireyi awiri a mazira. Usipa ukakwera mtengo, soya pieces alowe m'malo mwake, chifukwa pafupifupi theka la kulemera kwake akadali ouma ndi mapuloteni. Pogula ndiwo musamayerekeze kukula kwa mulu. Nyama yaiwisi yambiri ndi madzi ndi mafupa, pamene kilo ya usipa wouma ndi chakudya chokhachokha, mitu ndi minga yomwe.

Nyemba zili ndi mtengo wobisika, wa makala. Zinyikeni usiku wonse, muphike za masiku awiri nthawi imodzi.

Ufa wa mapuloteni wa m'zitini ndi timapaketi ta gel (shuga wonga phala amene othamanga amadya ali pa liwiro) zimaitanitsidwa kunja ndi madola, ndipo kwa munthu wa bajeti yothina n'kutaya ndalama. Pothamanga kupitirira ola limodzi, thupi limafuna magalamu 30 mpaka 60 a shuga pa ola. Nthochi yakupsa imodzi ili ndi pafupifupi 25. Chakumwa pangani nokha: lita imodzi ya madzi aukhondo, masipuni aakulu 5 a shuga, mchere kota ya sipuni yaing'ono, ndi madzi a ndimu pang'ono. Musawonjezere shuga poganiza kuti mphamvu zichuluka. Chakumwa chotsekemera kwambiri chimachedwa kuchoka m'mimba, ndipo chotsatira chake ndi nseru kapena kuthamangira kutchire. Mukabwerako, thobwa kapena futali ndi dzira zimabwezeretsa mphamvu bwino lomwe. Anzathu a kabaza anazindikira kale zimenezi.

Chimene chakudya chotsika mtengochi chimaperewera kawirikawiri ndi ayironi, makamaka kwa amayi. Zizindikiro zake ndi kutopa kosatha, befu pa chitunda chimene kale munkachikwera bwino, ndi mtima kugunda msanga. Ayironi ya mu nyemba ndi bonongwe silowa m'thupi mosavuta, ndipo tiyi womwera pa chakudya amaitsekereza. Tiyi adikire ola limodzi mutadya, ndipo pa chakudyapo pakhale tomato, gwafa kapena malambe, zimene zimathandiza ayironi kulowa m'thupi. Ngati ndalama ya nyama ilipo ya kamodzi pa sabata, ipite ku chiwindi. Kutopa kukapitirira, kayezetseni magazi kuchipatala musanagule mapiritsi.

Sabata ya mpikisano ndi yokhayo imene ndondomekoyi imatembenuka. Masiku awiri omaliza siyani mgaiwa, nyemba ndi masamba ambiri, chifukwa zimakhalitsa m'matumbo. Gulani mpunga makilo awiri kapena ufa woyera, buledi ndi nthochi, ndipo ndalama yake muisunge kuyambira kumayambiriro kwa mwezi pamodzi ndi ya thiransipoti ndi yolembetsera. M'mawa wa tsikulo idyani maola atatu mpikisano usanayambe: phala la ufa woyera la shuga, nthochi imodzi, ndipo chilichonse mwa izi chikhale choti munachiyesapo kale pokonzekera.