Wophunzira akayamba kulephera, tiyambe tamufunsa

Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa ku sekondale, ndaona kuti wophunzira akayamba kulephera mayeso, ife aphunzitsi timathamangira kumuwonjezera maphunziro apadera a masana. Inenso ndinkatero, kufikira pamene mtsikana wina amene ankakhoza bwino masamu anayamba kupereka pepala lopanda mayankho, dzina lokha litalembedwa pamwamba. Ndinamuika m'gulu la ofunika thandizo lapadera, ndipo kwa milungu isanu ankabwera mokhulupirika, n'kukhala pampando wakumbuyo, kumasinza cholembera chili m'manja. Mphunzitsi mnzanga wopereka uphungu atacheza naye, zinadziwika kuti usiku uliwonse ankadwazika mayi ake, moti ankagona kunja kukuyera.

Sikuti ndikunyoza maphunziro apadera. Mu 1984, Benjamin Bloom wa ku yunivesite ya Chicago analemba kuti ophunzira ophunzitsidwa mmodzimmodzi amakhoza kwambiri kuposa anzawo ophunzira m'chigulu, ndipo mphunzitsi aliyense amene anakhalapo pansi ndi mwana mmodzi angavomereze zimenezi. Koma thandizo lotere limapindulira mwana amene maganizo ake ali pamalo amodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limanena kuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi amakhala ndi vuto la matenda a maganizo, monga nkhawa yopitirira muyeso kapena kukhumudwa kosatha. M'kalasi ya ana 42, ndiye kuti pangakhale ana 6 otere, ndipo ambiri a iwo timangowalemba kuti ndi aulesi.

Ntchito ya uphungu wa achinyamata inakhazikika pamene Frank Parsons anatsegula ofesi mumzinda wa Boston mu 1908 yowathandiza kusankha ntchito, ndipo ndimaona ngati sukulu zambiri zinaima pomwepo, chifukwa uphungu zimautenga ngati tsiku limodzi pachaka lokamba za ntchito zam'tsogolo. Bungwe la alangizi a m'sukulu la ku America limalimbikitsa kuti mlangizi mmodzi asapitirire ophunzira 250, koma m'malo ambiri udindowu amangousenzetsa mphunzitsi amene ali kale ndi makalasi odzaza. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti nthawi zina amasankha mphunzitsi yemweyo amene amapereka zilango, ngati kuti mwana angaulule zakukhosi kwa munthu amene dzulo lomweli anamuimitsa pamaso pa anzake. Ana amayang'anitsitsanso ngati zimene anenazo zituluke, ndipo nkhani imodzi yokha ikangomveka m'chipinda cha aphunzitsi, chitseko cha mlangizi sichigogodwanso chaka chonse. N'chifukwa chake mlangizi wabwino amanena poyamba penipeni kuti zonse zikhala zachinsinsi, kupatula pamene moyo wa mwanayo uli pachiswe kapena pamene wina akumuchitira nkhanza.

Za mtsikana uja, mnzangayo sanandiuze chilichonse mpaka mwiniwake atalola, ndipo ngakhale pamenepo anangondiuza zochepa zimene zinkandikhudza monga mphunzitsi wa masamu. Tinamuchotsa m'gulu la masana kuti azifika msanga kunyumba n'kupumako dzuwa lisanalowe, ndinkakhala naye mphindi 20 pa nthawi yopuma kawiri pamlungu, ndipo ntchito yokalembera kunyumba ankaipereka Lolemba m'malo mwa tsiku lililonse. Pa mayeso otsatira anayankha mafunso 6 mwa mafunso 10, ndipo anakhoza 5.