Selo la mbewa linandichotsa ulemu

Mu labu yathu maselo a ubongo timawamva ndi makutu. Timagunditsa kachubu kagalasi kosongoka pa selo limodzi la m'kachidutswa ka ubongo wa mbewa, magetsi ake n'kumamveka pa sipika. Selo likawomba kamodzi, sipika imati "tha!" Sipikayo imakhala pansi pa mpando wanga, poti patebulo panadzaza makina.

Tsikulo ndinagwira selo lopanga dopamine, mankhwala amene maselo a ubongo amatumizirana nawo uthenga. Maselo amenewa ndi odekha: tha, tha, tha, kawiri kapena katatu pa sekondi, osathamanga. Amene amawaweta ndi tizipata ta pakhungu la selo totulukira mchere wa potaziyamu, totchedwa SK. Selo likawomba, mchere wina, kashiamu, umalowa n'kutsegula tizipatato, potaziyamu amatuluka, magetsi a m'kati amatsika, selo n'kupuma kaye lisanawombenso. Ndiye ndinathira apamin, mankhwala a mu ululu wa njuchi amene amatseka tizipata ta SK, kuti ndione mmene selo lichitire likasowa woligwira.

Mankhwala ali m'njira, chitseko chinatseguka. Abwana analowa ndi alendo, omwe amatipatsa ndalama za kafukufuku aja. Ndinakhala mwaulemu, manja pamaondo.

Abwana atangoti, "Mnyamata uyu ndiye timamudalira," pansi pa mpando wanga panati "prrrrrt!"

Onse zii. Selo linapuma pang'ono, kenako linabwereza, motalikitsa, mpaka kutsirizira ndi kamawu kokwera kumapeto.

"Ndi potaziyamu, bwana," ndinatero. "Wakanika kutuluka, ndiye zikungotuluka motsatizana."

Bambo wina anayang'ana kudenga. Ine pofuna kudzipulumutsa ndinafika mpaka kwa asayansi Hodgkin ndi Huxley, amene anasonyeza mu 1952 kuti kutuluka kwa potaziyamu ndi kumene kumabweza selo m'malo mwake likawomba. Dzina la Huxley lisanathe m'kamwa, "prrrt!" Mayi wina wachikulire anapita kukatsegula zenera mwakachetechete, ngati akungofuna kuona kunja.

Ndinagwada kuti nditulutse sipika aione ndi maso awo. Chigongono changa chinagunda tebulo, kachubu kanasuntha, selo linang'ambika n'kufa pompo. Ndinadzuka nditanyamula sipika yopanda mawu, ndikuigwedeza.

Mayi aja anandisisita paphewa. "Musadandaule, mwanangu. Zimachitika."

Ndalama anatipatsa ndithu. Koma m'mawa mwake ndinapeza abwana atasamutsira mpando wanga pafupi ndi zenera, sipika atayisiya pomwe inali.