Tsiku limene njinga yanga inamera nyanga

Phukusi litafika kuchokera ku Johannesburg, amene anang'amba pepala ndi mphwanga. Anatulutsa timipope tiwiri topindika kunsonga ndi timapilo tiwiri totsamizapo mikono, n'kundiyang'ana. "Malume, njinga yanu mukufuna kuimeretsa nyanga?" Dzina linakhala lomwelo. Anzathu akunja amati ma aero bar, koma kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndi nyanga basi.

Kwa amene simuudziwa, triathlon ndi mpikisano wa zinthu zitatu zotsatizana osapuma: kusambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga. Umene ndikukonzekera ine ndi wa theka la Ironman, monga umachitikira ku South Africa: kusambira makilomita 1.9, njinga 90, kuthamanga 21.1. Za kusambira tidzakamba tsiku lina, popeza mu Zambezi salowamo chisawawa, muli eni ake a mano. Lero ndi za njinga.

Pa mpikisano wotere saloleza kubisala kumbuyo kwa mnzako kuti akutchingire mphepo. Lamulo limati pakati panu pakhale mamita 12, ndiye makilomita onse 90 mphepo umalimbana nayo wekha. Masamu ake ndi ankhanza: ukawirikiza liwiro kawiri, mphepo imakukankha ka 4, ndipo mphamvu imene miyendo iyenera kutulutsa imakwera ka 8. Chimene imamenya kwambiri si njinga ayi, ndi mwini wakeyo, pakuti thupi limatenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kukankha konseko. Amene munanyamulapo thumba la makala chopingasa mu Julayi, mwera uli pamphumi, izi mukuzidziwa kale m'ntchafu zanu. Nyangazi ntchito yake ndi kuchepetsa malo amene mphepo ingagwire. Mu 1989 Greg LeMond anapambana mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France pomposa Laurent Fignon ndi masekondi 8 okha, tsiku lomaliza atatsamira pa nyanga zoterezi.

Ine m'nkhani yonseyi ndinatolamo liwu limodzi: werama. Njinga yanga si ya triathlon yeniyeni, ndi ya mpikisano wamba yogula kwa munthu ku Tete. Ndinamanga nyanga, ndinachotsa timawashala tonse tapansi pa mahandulo kuti atsikiretu, chishalo osachikhudza n'komwe. Lamlungu m'mamawa ndinalowa msewu wopita ku Calómuè, kumalire a Dedza. Mphindi 10 zoyamba ndinali muvi. Pofika 20 khosi linali moto, mawondo akugunda m'mimba, mpweya ukukanika kulowa, ndipo pakati pa miyendo panachita dzanzi loti sindikanaliuza munthu. Ulendo wotsalawo ndinaupalasa nditakhala njo ngati wopita kuchigayo, nyanga zili pululu kutsogolo. Nditatsika kuti ndiyese kuthamanga, msana unakana kuwongoka. Ana a pamsewu anaseka mpaka kugwirana.

Amene ananditsegula maso ndi madala ena okonza njinga pafupi ndi msika, amene moyo wawo wonse akhala akuwongola marimu a njinga zonyamula mbatatesi. Za triathlon sadziwa kanthu. Anandiuza kuti ndikwere ndidutse kawiri, iwo atayima ndi sipanala m'manja.

"Aphunzitsi, inu mukupinda msana," anatero. "Munthu wolima tsiku lonse amapinda m'chiuno. Msana umangotsatira."

Ndinabwerera kunyumba kukayambiranso. Choyamba ndinayeza zonse ndi tepi n'kulemba m'kope: kuchokera pakati pa giya ya mapedulo kufika pamwamba pa chishalo, kuchokera kunsonga ya chishalo kufika pa timapilo, ndi mpata wa pakati pa timapiloto. Musadumphe zimenezi. Mukasokoneza, kope ndi limene limakubwezani pamene munali. Kenako mphwanga anakhazika foni pa njerwa zosanjikiza n'kundijambula ndikudutsa, chammbali ndi chakutsogolo. Vidiyo yoyamba inandichititsa manyazi. M'mutu mwanga ndinali wowongoka ngati bango, koma pafoni ndinali nkhono.

Vuto linali chishalo. Pa njinga wamba, mpope umene umanyamula chishalo umapendekera kumbuyo, pafupifupi madigiri 73. Pa ya triathlon umayima chilili, 76 mpaka 78 kapena kuposa, kuti munthu yense agubuduzikire kutsogolo osapanikiza mimba ndi ntchafu. Ine ndinali nditatsitsa mapewa matako ali kumbuyo komwe, ndiye ndinadzipinda ngati mpeni wa m'thumba. Ndinakankhira chishalo kutsogolo mpaka pamene mizere ya patizitsulo take imalekezera, pafupifupi masentimita 2. Chishalo chikapita kutsogolo chimayandikira mapedulo, choncho chimafunika kuchikweza pang'ono. Ndinayeza ndi chidendene: ukachiponda pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke popanda chiuno kupendama. Ukabwezera phazi pamalo pake, bondo limatsala lopindika pang'ono, ngati madigiri 30. Ngati wokuonera kumbuyo akuti matako akugwedezeka uku ndi uku, wakweza kwambiri. Nsonga ya chishalo ndinaiweramitsa pang'ono zedi, ndipo dzanzi lija linachoka. Tsiku lina ndinawonjeza dala kuti ndione, ndiye ndinkangotsetsereka, mapewa n'kumasenza thupi lonse.

Timawashala tija ndinatibwezera, mahandulo anakwera ndi masentimita 2. Mtima unawawa, chifukwa zinkaoneka ngati kubwerera m'mbuyo. Timapilo ndinatikokera kumbuyo kuti tikhale pafupi ndi zigongono, mkono wakumtunda utsike pafupifupi chowongoka kuchokera paphewa. Mukatero kulemera kumatsamira pa mafupa, minofu n'kupuma.

Zimene zinandipatsa liwiro lenileni zinaoneka pa vidiyo yakutsogolo. Zigongono zinali tang'a, mutu uli pamwamba ngati tambala wofuna kulira. Ndinayamba kusendeza timapilo m'kati, mamilimita 5 pa sabata, mpaka tsiku limene chifuwa chinayamba kuthina popuma, n'kubwerera kamodzi. Nsonga za nyanga ndinazikweza pang'ono kuti manja atseke mpata wa pansi pa chibwano. Mutu ndinauphunzitsa za fulu: kukweza mapewa chakumakutu, kumiza khosi, chibwano patsogolo, msewu n'kumauyang'ana ndi maso okha. Apa pali chiyeso choti ungozyolika n'kumaona tayala. Musayerekeze. Pa nyanga palibe mabuleki, ndipo misewu yathu ndi ya mbuzi, ana a sukulu, maenje ndi malole. Ndikayandikira msika kapena mudzi, manja amabwerera pa mahandulo.

China chimene sichinandidyere ngakhale metikali imodzi: ndinasiya jezi yanga yampira imene inkakupiza ngati mbendera, n'kuvala yothina. Amayi akunyumba anati ndikuoneka ngati soseji, koma wotchi inagwirizana ndi ine. Botolo la madzi ndinalimangirira pakati pa mikono kuti ndizimwa osadzuka.

Kuti ndidziwe ngati kusintha kwathandiza, ndinasankha chitsetso chimodzi kunja kwa tawuni. Ndimapitako 5 koloko m'mawa mphepo isanadzuke, matayala opopa mofanana, zovala zomwezo. Ndimayamba pa mwala umodzi, osapalasa, mphwanga n'kugwira nthawi pamene ndadutsa pa mtengo wina kumunsi. Katatu, chifukwa ulendo umodzi umanama. Ndipo chinthu chimodzi chokha pa tsiku. Ukasintha zitatu pamodzi sudziwa yakuthandiza ndi iti, yakupweteka ndi iti. Musayerekezenso nthawi za malo osiyana. Mu Okutobala ndinatsikira ku Tete, n'kupalasa chakumsewu wa Moatize, ndipo liwiro linatsika moti ndinkati ndawononga zonse. Kuno ku Angónia tili pamwamba kupitirira mamita 1,000, mpweya ndi wopyapyala. Kuchigwa cha Zambezi ndi wolemera, kuwonjeza kutentha kumene kumadutsa madigiri 40. Tsiku limenelo ndinasiyanso kusirira mahelemeti aja a mchira otsekeka ponseponse. Mmenemo ku Tete mutu ungapse ngati mbatata ya m'phulusa.

Woweruza womaliza ndi miyendo ikatsika pansi. Ulendo uliwonse ndimautsiriza ndi kuthamanga mphindi 15. Chiuno kapena msana zikadandaula, ndiye kuti kakhalidwe kaja n'kabodza, ngakhale wotchi itakakonda bwanji. Thupi nalo limafuna kuzolowera: ndinayamba ndi mphindi 10 pa nyanga, 5 kudzuka, n'kumawonjeza sabata ndi sabata. Mabawuti ndimawaona ndisananyamuke, popeza ena anamasuka pa bampu kapilo n'kupendama, koma osamanga ngati a ngolo.

Lamlungu lapitali ndinakhala pa nyanga maola awiri, kudzuka pokwera zitunda ndi podutsa anthu pokha. Pobwerera ndinadutsa mnyamata atasenza matumba awiri a mbatatesi. Nditacheuka ndinaona naye wagoneka mikono pa mahandulo, khosi wamiza, akundithamangitsa, ndipo anandikakamira mpaka pa mlatho. Chatsala ndi mikono ya mapedulo. Yanga ndi ya mamilimita 172.5, ndipo bondo likadali kukwera kwambiri chakumimba. Ndikufuna ya 165. Msuweni wanga wati abwera nayo mu Disembala, ndipo madala aja anena kale kuti womanga ndi iwo.