Zikomo nonse, kafukufuku uja watha

Lachisanu lapitali akadaulo awiri anandipanikiza ndi mafunso masana onse, ndipo pomaliza anandigwira chanza. PhD yanga, yofufuza za mauthenga othamanga m'mawaya agalasi aja timati faiba, yatheka. Ndisanapume, ndilolereni ndithokoze.

Amayi, ndiyambe ndi inu. Munkandifunsa kuti, "Kodi mwanangu, ku England'ko ukupanga chiyani kwenikweni?" Ndinkayankha kuti ndimatumiza kuwala m'kaulusi kagalasi kopyapyala ngati tsitsi, inu n'kungoti, "Chabwino, bola uzidya." Komatu mawu athu a Lamlungu lililonse pa WhatsApp ankayenda m'galasi lomwelo, pansi pa nyanja, asanakwere kumtunda mpaka kufika kwathu. Mawaya apansi pa nyanja a kampani ya SEACOM atafika ku Dar es Salaam ndi ku Maputo mu 2009 ndinali ndikadali pasukulu, fizi mukuipeza ndi ndalama ya mtedza. Sindinaiwale.

Bambo amene mumasamalira zipangizo m'labotale mwathu, dzina lanu sililembedwa pa mapepala a kafukufuku, koma pano ndikutchulani ndi mtima wonse. Chaka chachiwiri ndinatha miyezi yambiri zotsatira zikukana, tulo osabwera, mpaka ndinalemba kalata yosiya sukulu. Inu munangotenga kumapeto kwa faiba, n'kundionetsa pa maikulosikopu kafumbi kamodzi katakhala pakati penipeni. Njira yodutsa kuwala ndi ya mamaikulomita 9 okha (mamaikulomita 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi), choncho kafumbi komweko kankaononga zonse. Simunandiseke. Munandikhazika pansi n'kundiphunzitsa kudula galasi, kulipukuta ndi kulilumikiza, kufikira manja atazolowera. Kalata ija ndinaing'amba madzulo omwewo.

Aphunzitsi anga, zikomo pondibwezera mutu wachinayi wa kafukufuku wanga kangapo konse. Nthawiyo zinkandiwawa, koma Lachisanu mafunso ambiri anachokera pomwepo.

Ndithokozenso amene analambula njirayi ine ndisanabadwe. Mu 1966, ku Harlow ku England, Charles Kao ndi George Hockham anaonetsa kuti chimene chimadya kuwala ndi zonyansa za m'galasi, osati galasilo. Mu 1970 a ku kampani ya magalasi ya Corning anapanga faiba yoyera mokwanira, ndipo mu 1987 gulu la David Payne ku Southampton linapeza njira yokuzira mphamvu ya kuwala ndi mtundu wa chitsulo wotchedwa erbium. Ngakhale lero theka la kuwala limatayika pa makilomita 15 aliwonse, ndipo ntchito yanga yonse yagona pa zimene zimachitikira uthenga ukamakuzidwa mobwerezabwereza.

Kao atalandira mphoto ya Nobel mu 2009 anali akudwala matenda oiwala a Alzheimer's, moti nkhani yake ku Stockholm inakambidwa ndi mkazi wake, Gwen. Nditamva zimenezi ndinaganiza za inu, mayi a ana anga. Munkagwira ntchito usiku, m'mawa n'kuperekeza ana kusukulu m'chisanu, ine ndili m'chipinda chamdima ndi ma laser. Mwana wathu wamng'ono atagonekedwa m'chipatala munandibisira kutopa kwanu kuti ndimalize kulemba. Kutopako ndinakuona, ngakhale sindinanene. Kuyambira mawa, ana ndiziwaperekeza ndine.