Malebo a mabotolo a mbewu: mayina akhala pakati tsopano

Usiku wathawu ndasindikiza pepala loyamba labwino la malebo a mabotolo anga a mbewu, ndipo dzina lililonse lakhala pakati penipeni pa bokosi lake. Zandidyera masiku anayi zimenezi.

Tebulo ndinalipanga mu Word, pepala la A4, makolamu atatu, mizere isanu ndi itatu, mzere uliwonse wa 3 cm pa Exactly (kutanthauza kuti msinkhu wa mzerewo usasinthe) kuti malebo onse 24 afanane podula. Ndinasankha tebulo lonse n'kudina Align Center, batani la pakati pa asanu ndi anayi aja a pa Layout. Pa sikirini zinkaoneka bwinobwino. Koma nditadula ndi lumo n'kumata pa botolo la nzama, ndinaona kuti dzinalo lakwera m'mwamba pang'ono. La khobwe ndi la mawere chimodzimodzi, ndiye la kayera linakweratu kwambiri.

Ndinapita ku Table Properties, pa Cell, n'kupeza Center ili yosankhidwa kale. Ndinayang'ananso ma margin a m'mabokosi, pamwamba 0, pansi 0. Apa mutu unaima. Mapepala asanu ndi limodzi anawonongeka, ena mwa iwo olimba aja amene ndimagula pa kasitolo kena ku Limbe. Mayi wa pamenepo amalola kugula limodzilimodzi, ndipo ndi yemwe anandipezera pepala la kirimu pomwe ndinkakonza pulogalamu ya ukwati wa mng'ono wanga. Amadziwa katundu wake mayi ameneyu.

Tsiku lachinayi m'pamene ndinadina Ctrl+Shift+8 kuti zizindikiro zobisika zionekere. Pansi pa "kayera" panali ¶ wina wopanda mawu, Enter amene ndinamenya osadziwa. Ameneyo ndinamufufuta. Nanga ena aja? Mayina onse ndinachita kukopera kuchokera m'fayilo yanga yakale, ndipo anabwera ndi mpata wa 8 pt pansi pake, pa Spacing After. Word imawerengera mpata umenewo ngati mbali ya mawuwo, ndiye imaika pakati dzina pamodzi ndi mpata wakewo. Mpata wa 8 pt ndi pafupifupi mamilimita 2.8, choncho dzina limakwera ndi theka lake, 1.4. Nditayeza ndi rula pa lebo ya nzama ija, zinagwirizana ndithu. Ena anganene kuti n'zochepa, koma mabotolo akandandalikidwa pa shelefu diso limaziona msanga.

Ndinaika Before ndi After pa 0, Line spacing pa Single, basi mayina onse anatsikira m'malo mwake. Kuyambira lero, mawu okopera ndiziwamata mu Word ndi Keep Text Only, imene imabweretsa mawu okha popanda mipata ya m'fayilo yakale.

Chotsatira ndikufuna kuwonjezera chaka chokolola pansi pa dzina lililonse, komanso kachithunzi ka mbewuyo pambali. Zikayenda, ndipanga kabuku ka mbewu zonse zamakolo zimene agogo ankasunga m'zikwatu kumudzi, mvula isanagwe ngati n'kotheka.